Poto wa Pansi pa Balani

Balani ya fodya itagwa ndi mvula ya Febuluwale
tinamupeza pansi pa njerwa, chafufumimba,
miyendo itatu m'mwamba,
dzimbiri litamuveka chikhoto chofiira ngati dothi la pachulu.

Mlamu anamukankha ndi phazi.
Ogula zitsulo abwera Lachiwiri, anatero,
amayeza pa sikelo, safunsa za mwini.
Ine ndinamumanga ndi mphira pa keliyala,
kuchoka ku Chiparamba tambala asanatsike mu mtengo,
mpaka ku Kapata,
kwa aLackson Shawa okonza njinga,
amene makutu awo amamva zimene chitsulo chikunena.

Sanandifunse za ulendo.
Anamukoleka pa waya, namugogoda ndi sipanala,
ngwee!
Kulira kunapitirira, kunadutsa ogulitsa makala,
kunakathera kwa amayi a tomato.
Alibe mng'alu uyu, anatero.
Wosweka salira, amangotsokomola.

Kenaka anamutembenuza ngati mzamba.
Taonani chipsera ichi pansi, chachitali ngati chala.
Ndi mchombo wake.
Apa ndi pamene chitsulo chamoto chinalowera m'chikombole.
A masiku ano alibe, amabadwa osalala ngati mbale.
Onaninso mwendo uwu, wafupika.
Chitsulo sichitha ndi chaka chimodzi, mayi,
panafunika manja ambiri omukokera mbali imodzi.
Nambala yafufutika, yatsala ngati mimba ya sikisi.

Ndiye ali ndi zaka zingati?

Anaseka, mano awiri okha.
Pamene tauni ino inkatchedwa dzina la mzungu
uyu anali kale ndi mwaye.
Kuposa apo ndingakunamizeni.

Ndinakumbukira za aYotamu, atate a atate anga,
amene sindinawaone,
oti anabwera wapansi kuchokera ku migodi ya kumwera
opanda jekete, opanda wilesi,
atasenza chinthu cholemera, mudzi wonse nkuwaseka.
Palibe anandiuzapo kuti chinali chiyani.
Mwina ndi uyu. Mwinanso ayi.

Masiku anayi ndinamuviika m'matsukwa ndi mandimu.
Lachisanu ndinakhala pansi ndi chidutswa cha njerwa,
mchenga wa kudambo, phulusa,
kwecha, kwecha, kwecha,
zikhadabo kutha, madzi kufiira,
kutaya, kutunga ena, kufiiranso.
Ana anatopa kuonerera.
Mlamu anadutsa kawiri, kachitatu sanalankhule.

Pansi pa dzimbiri panali imvi.
Sindinadziwe kuti chitsulo chimakhala ndi imvi.
Ndipo pafupi ndi khutu, pamene chala chimagwira,
timizere tiwiri tokhota, tokanda ndi msomali.
Chilembo? Ngozi chabe?
Ndinapenya mpaka maso kuwawa.

ALackson anandichenjeza:
mukamutsuka musamusiye ndi madzi ngakhale pang'ono,
dzimbiri ndi mlendo wosadikira kuitanidwa.
Ndinamuumitsa pa makala,
ndinamudzoza mafuta a mpendadzuwa ndi kansanza,
pang'ono pokha, monga tidzozera khanda pamphumi,
nkumubweza pamoto mpaka utsi kuleka.
Kudzoza, kuotcha. Kudzoza, kuotcha.
Kachisanu ndi chimodzi anada bii,
kuda kowala, kwa khungu la munthu wochira
amene watuluka panja koyamba.

Lachiwiri lina ogula zitsulo anabweradi,
lole yawo itadzaza makasu othyoka ndi mafelemu a mabedi.
Anandipeza ndikukazinga nsawa.
Sizinamatire, ngakhale imodzi.
Ndinawapatsa za m'manja, anadya ali chiimire,
mmodzi nkuloza ndi chibwano:
Amayi, uyo mugulitsa?

Mwendo waufupi uja ndimauikira kamwala.
Tsiku lililonse kamwala komweko,
ndipo ndikamukoka kumuchotsa pamoto
ndimapeza kuti dzanja langa, losaphunzitsidwa ndi munthu,
likumukokera mbali yomweyo.